Magulu a achinyamata oteteza ku moto ku Mulanje ndi Thyolo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, aphunzitsi, mafumu ndi achinyamata eniake amafunsa kawirikawiri ikabuka nkhani yokhazikitsa gulu lotere pasukulu, pampingo kapena m'mudzi. Tayamba ndi apafupi, kenako olowa mkati mwa ntchitoyo.

Kodi gulu limeneli limachita chiyani kwenikweni?

Ambiri akamva dzinali amaganiza za anyamata othamangira malawi ali ndi nthambi m'manja. Kuzimitsa ndi kagawo kochepa chabe. Ntchito yaikulu imachitika moto usanabuke: kulambula njira zotchinga moto, kuyendera makomo ndi misika kuona mawaya, mbaula ndi zigubu za petulo, kuphunzitsa ana anzawo, ndi kulondera m'miyezi ya dzuwa kuti utsi ukangoti tolotolo uthenga ufike msanga kwa akuluakulu.

Si ntchito ya ozimitsa moto a khonsolo imeneyi?

Ndi yawo ndithu, koma ali kutali. Magalimoto ozimitsa moto amakhala m'makhonsolo a mizinda monga Blantyre ndi Zomba. Kuchokera ku Blantyre kufika pa boma la Mulanje ndi makilomita oposa 60, ndipo ku Muloza kapena ku Thekerani ndi kutali kuposa pamenepo. Denga la udzu likagwira moto limatha psiti m'mphindi zochepa.

Kuphiri la Mulanje ndiye nkhani ina. Pamwamba pa Chambe kapena Lichenya sipafika galimoto, munthu amakwera wapansi maola angapo kuchokera ku Likhubula. Oyang'anira kumeneko ndi a Dipatimenti ya Zankhalango mogwirizana ndi a bungwe losamalira phirilo la Mulanje Mountain Conservation Trust, ndipo gulu la achinyamata likapita kukathandiza limamvera iwowo, silidziyendera lokha.

Mwana wanga ali ndi zaka 13. Akalowa, muzikamutuma kumoto?

Ayi, ndipo gulu lililonse limene likuchita zimenezo mumuchotsemo mwanayo lero lomwe. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la ntchito limaletsa kumupatsa ntchito yoika moyo wake pachiswe.

Kagawidwe koyenera ndi aka. A zaka 10 mpaka 13 amaphunzira kupewa moto panyumba, kuthawa utsi, kuitana thandizo, masewero ndi nyimbo zochenjeza anzawo. A zaka 14 mpaka 17 amaonjezera chithandizo choyamba, kusamala zida, kulambula njira kulibe moto, ndiponso kuyeserera kuzimitsa kamoto kakang'ono koyatsidwa dala m'mgolo pabwalo, mphunzitsi ali pomwepo. Oyandikira moto weniweni ndi okhawo a zaka 18 kupita m'mwamba amene amaliza maphunziro. Tsiku la moto achichepere amatsala kumalo osonkhanirana, kutunga madzi akumwa ndi kulemba mayina a amene apita.

Atsikana amaloledwa?

Inde, pa ntchito zonse, kuphatikizapo utsogoleri. Gulu likhale ndi mlangizi wamkazi wachikulire, ndipo misonkhano izitha dzuwa lisanalowe.

Tikufuna kuyambitsa gulu kwathu. Tiyambire pati?

Yambirani kwa a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Ngati kuli komiti yoyang'anira zachilengedwe kapena yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, gululo likhale pansi pake m'malo molimbirana nayo ntchito. Kenako kaonaneni ndi mlangizi wa zankhalango wa dera lanu, ndi ofesi ya achinyamata ya pa boma kuti gulu lidziwike. La pasukulu limadzera kwa ahedi ndi komiti ya makolo.

Anthu 15 mpaka 25 akukwana. Akapitirira pamenepo sawerengeka bwino, ndipo pamoto kuwerenga anthu ndi nkhani ya moyo. Pakhale alangizi achikulire osachepera awiri, chilolezo cholembedwa cha kholo la mwana aliyense, ndi kaundula wosonyeza amene ali ndi mphumu, khunyu kapena vuto la mtima. Amenewa sachotsedwa m'gulu, koma sapatsidwa ntchito ya pautsi. Pa maphunziro a chithandizo choyamba funsani a Red Cross kapena azaumoyo a chipatala chapafupi.

Phunziro loyamba limakhala lotani?

Loti moto umafuna zinthu zitatu: choyaka, mpweya ndi kutentha. Mukachotsapo chimodzi wazima. Madzi amachotsa kutentha, mchenga kapena chivindikiro zimatseka mpweya, kulambula kumachotsa choyaka. Njira zonse zotchulidwa m'mayankho otsatirawa zachokera pamenepa.

Kenako ophunzira amazolowera kuwerenga moto wa tchire. Uli ndi mutu, kumene mphepo ikuukankhira ndipo malawi ndi aatali. Uli ndi nthiti ziwiri, ndi mchira kumene wachokera. Umathamanga kwambiri pokwera chifukwa malawi amayamba aumitsa ndi kutenthetsa udzu wa kumtunda kwawo: chitunda chikaonjezera kutsetsereka ndi madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza pafupifupi kawiri. M'makwawa opapatiza, amene ndi ambirimbiri m'mbali mwa phiri, mphepo imaukoka ngati m'chumuni. Munthu sangaupambane pothamangira kumtunda, ngakhale akhale wonyamula katundu wa alendo wozolowera phirilo.

Moto wolusa umayamba bwanji kuno, ndipo nthawi yoopsa ndi iti?

Pafupifupi wonse amayatsa ndi anthu. Osaka mbewa ndi nyama amatentha tchire kuti aone mauna ndi njira. Otentha makala amasiya uvuni ukufuka. Ofula njuchi amaponya pansi muuni wa udzu. Ososa m'munda amayatsa zinyalala masana kuli mphepo. Enanso ndi ocheka matabwa mozemba amene amasiya moto wophikira, osuta fodya, ndi ena oyatsa dala chifukwa cha mkwiyo pa nkhani za malo kapena ntchito. Gulu lizilemba chimene chayambitsa moto uliwonse m'dera lake, chifukwa uthenga wopita kwa ana osaka mbewa ndi wosiyana ndi wopita kwa mlimi wa njuchi.

Udzu umayamba kuuma mu Juni, koma chiperoni chimaunyowetsa apo ndi apo mpaka Ogasiti. Zimenezi zimapusitsa anthu. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula yoyamba ya mu Novembala ndiyo nyengo yeniyeni ya moto, makamaka kuyambira cha m'ma 11 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.

Njira yotchinga moto imalambulidwa bwanji?

Imalambulidwa mu Meyi ndi Juni, nthaka isanalimbe. Kutchetcha kokha sikukwanira: palani ndi khasu mpaka dothi lioneke. Kuzungulira nkhalango ya m'mudzi, munda wa tiyi kapena wa zinanazi, mulifupi mwake mukhale mamita 4 mpaka 6. Kumene udzu ndi wautali kuposa munthu, kapena pamalo otsetsereka, onjezerani, chifukwa malawi akagonekedwa ndi mphepo amafika patali kuposa kutalika kwa udzuwo. Kuzungulira nyumba, nkhokwe ndi makola, lambulani mamita 10 ngati malo alipo, ndipo mitolo ya udzu wofolera isatsamire khoma.

Zolakwika zimene zimabwera chaka ndi chaka ndi izi. Anthu amaunjika zinyalala m'mphepete mwa njirayo, zikauma zimayaka kwambiri kuposa tchire lomwe. Amasiya nthambi zikukhudzana pamwamba, moto nuwolokera pomwepo. Amasiya kampata kosalambula pamwala kapena pachitsa, osadziwa kuti moto umangofuna mpata wa chikhatho chimodzi. Njira iyambire ndi kuthera pa chinthu chosayaka, monga mtsinje, msewu kapena thanthwe.

Pafupi ndi bulugamu, amene ndi wambiri m'maesiteti a tiyi, musadalire njira yokha. Makungwa ake oyaka amaulutsidwa ndi mphepo n'kukagwera patsogolo, ndipo masamba amayoyoka kudzaza njira, choncho iseseni kawiri kapena katatu nyengo isanathe. Potsetsereka ikani timigula topingasa kuti mvula ikadza njirayo isasanduke chigwembe. Mzere wa nthochi zothinana m'mphepete umathandizanso kufooketsa moto.

Nanga kutentha tchire msanga, si kuyatsa moto komweko?

Ndi moto, koma wofatsa. Ukayatsidwa mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumiretu, m'mamawa kapena madzulo kopanda mphepo, umayenda pansipansi n'kusiya zigamba, ndipo mitengo imapulumuka. Moto wa mu Okutobala ukadzafika pamenepo umasowa chakudya. Koma wolamula ntchitoyi ndi mlangizi wa zankhalango, njira zotchinga zitalambulidwa kale ndipo eni minda oyandikana atauzidwa. Gulu la achinyamata siliyatsa lokha. Chimodzimodzi kuyatsa moto wokumana ndi unzake pofuna kuutchinga: mphepo ikangotembenuka mumakhala ndi moto uwiri, anthu ali pakati.

Pakufunika zida zanji, nanga zovala?

Makasu, zikwanje, zikwakwa, maleki, ndowa, wenzulo wa mtsogoleri aliyense ndi bokosi la chithandizo choyamba. Chomenyera moto mutha kupanga nokha: dulani mphira wa lamba wakale wa makina, masentimita 30 mulifupi ndi 45 mulitali, mumange ndi mabauti pamtengo wa mita imodzi ndi theka. Misomali imazuka. Nthambi zaziwisi zimagwira ntchito, koma zikauma zimayamba kumwaza moto, ndiye muzizisintha. Sipuleya ya kumsana ya malita 16 kapena 20 ndi yothandiza kwambiri pamoto wa udzu, bola ikhale yosathiridwapo mankhwala a mbewu, chifukwa akagwera pamoto mumapuma nthunzi yake.

Pa zovala musanyengerere munthu. Zikhale za thonje, malaya a manja aatali ndi thalauza. Majezi a mpira ndi zovala zambiri za pakaunjika ndi za nayiloni, zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Nsapato zikhale zachikopa zotseka, osati mapatapata kapena zapulasitiki. Chitenje cholendewera sichiloledwa pamzere. Aliyense anyamule madzi akumwa osachepera malita 2, chipewa, ndi kansalu ka thonje kotchinga mphuno.

Akuluakulu a m'gulu akafika pamoto amatani?

Sayamba ndi kumenya. Mtsogoleri amaima kaye n'kuona kumene mphepo ikulowera, kutalika kwa malawi ndi chimene chili kutsogolo. Amasankha njira ziwiri zothawira ndi malo opulumukira, amauza aliyense mokweza, amaika mlonda mmodzi pamalo okwera amene ntchito yake ndi kuyang'ana basi, kenako amawerenga anthu.

Amayambira kumchira n'kumatsata nthiti, phazi limodzi lili pa lupsa. Pamene papsa kale ndiye pothawira pabwino koposa. Wa sipuleya amatsogola kufooketsa malawi, omenya atatu kapena anayi amatsatira mosinthana, wa leki kapena khasu amatseka kumbuyo. Chomenyera sichikwezedwa kupitirira phewa. Mumachigwetsa pamoto, kuchigoneka kamphindi, n'kukokera kumene kwapsa. Mukamenya mwamphamvu kuchokera m'mwamba mumaupepelera moto ndi kumwaza makala. Palibe woyenda yekha.

Malawi akafika m'chifuwa mwa munthu, zomenyera sizithandizanso. Pamenepo, kapena mphepo ikasintha, kapena moto ukayamba kudumphira kumbuyo kwanu, kapena mlonda akasiya kuoneka, wenzulo ilire ndipo onse abwerere. Wotsutsa asadzapitenso. Achinyamata amphamvu ndi amene amavuta kwambiri pa lamuloli, chifukwa safuna kuoneka amantha pamaso pa anzawo, n'chifukwa chake kubwerera kumayesereredwa pabwalo kangapo mpaka kuzolowereke.

Malawi akazima ntchito sinathe. Zitsa, ndowe zouma ndi zikuni zimasunga moto mpaka mawa. Yendani m'mphepete monse, kokerani zofuka mkati mwa lupsa, thirani dothi kapena madzi, ndipo ena abwererenso m'mamawa kukaona.

Moto wa m'nyumba mumaphunzitsa zotani?

Mafuta ophikira akayaka mumphika kapena m'chiwaya cha tchipisi, musathire madzi. Madzi amamira pansi pa mafuta, amawira nthawi yomweyo n'kuwaponyera m'mwamba ali lawilawi. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo kapena thumba la chiguduli lonyowa lofinya, siyani chizizire, ndipo musanyamule mphikawo kuthamanga nawo panja.

Moto wa magetsi, thimitsani kaye pa meni switchi. Wa sola, chotsani waya kubatire. Mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki komanso soketi imodzi yonyamula mbaula, ayironi ndi mafoni khumi ndi zimene gulu liziyang'ana poyendera misika ngati Chitakale, Limbuli, Luchenza kapena Bvumbwe, mogwirizana ndi komiti ya msika.

Petulo wa m'zigubu, amene a kabaza ambiri amasunga mafuta akamasowa, asagone m'nyumba. Chimene chimayaka ndi mpweya wake, umene umayenda pansi mpaka kukapeza mbaula kapena koloboyi chipinda china. Akayaka, mchenga kapena dothi, osati madzi. Kandulo ikhale m'mbale yachitsulo kutali ndi neti ndi makatani. Ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mbaula ya makala isalowe m'chipinda chogona chotseka: imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, moto osaoneka n'komwe.

Utsi ukadzaza m'nyumba, kwawani, chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi. Mukatuluka musabwererenso kukatenga katundu.

Botolo lofiira lozimitsira moto limagwira bwanji?

Onani kaye kuti muvi wa geji uli pobiriwira ndipo werengani mtundu wa moto umene lalembedwera. La ufa limagwira pa zambiri, la madzi siligwiritsidwa pa magetsi kapena mafuta. Imani mamita awiri kuchokera pamoto, khomo lili kumbuyo kwanu. Solani pini, lozani patsinde pa moto osati pa malawi, finyani chogwirira, yendetsani uku ndi uku. Ambiri amadabwa kuti limatha m'masekondi 10 mpaka 20 okha. Likatha moto usanazime, tulukani. Logwiritsidwapo ntchito, ngakhale pang'ono, likadzazidwenso.

Munthu akapsa tichite chiyani tisanafike kuchipatala?

Ngati zovala zikuyaka, asathamange. Agwe pansi, aphimbe nkhope, agubuduke, kapena mumukulunge ndi bulangete lochindikala. Kenako thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20 zathunthu. Kopanda mpopi, thirani ndi kapu kuchokera mundowa. Ayezi ayi. Vulani mphete, zibangili ndi lamba pasanatupe, koma nsalu yomatirira pakhungu isiyeni. Phimbani ndi nsalu yoyera yosatuluka ubweya kapena pulasitiki woyera. Mwana wamng'ono mufunditseni mbali zina za thupi kuti asazizidwe.

Musapake mankhwala otsukira mano, mazira, mchere, mafuta, phulusa kapena dothi, ndipo musaboole matuza. Zimenezi zimalowetsa matenda pabala ndipo adokotala amayamba ndi kuzipala, wodwala akumva ululu.

Pitani kuchipatala ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, ngati lili kumaso, m'manja, kumaliseche kapena polumikizira mafupa, ngati khungu layera kapena lada koma osamva kuwawa, ngati ndi la magetsi, ngati wopsayo ndi mwana wamng'ono kapena nkhalamba, kapena ngati mawu asasa chifukwa cha utsi. Zipatala za boma za Mulanje ndi Thyolo, komanso zamishoni za Mulanje Mission ndi Malamulo, zilipo, ndipo opsa kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chimodzi chimene gulu lizinena paliponse: wodwala khunyu akagwera pamoto, mukokeni msanga. Khunyu sapatsirana pogwirana kapena kudzera m'malovu. Anthu ambiri apsa koopsa achibale ataima poteropo chifukwa cha mantha opanda pake amenewa.

Pasukulu, makamaka yogonera konko, tiyeserere motani?

Kamodzi pa teremu, ndipo kamodzi pa chaka kuchitike usiku. Pakhale kaimbidwe ka belu kosiyana ndi ka masiku onse, malo amodzi osonkhanirana, ndi kaundula woitanira mayina. Yesani nthawi ndi wotchi n'kulemba. Hositelo isakhomedwe ndi loko kunja ana ali mkati, ikhale ndi makomo awiri otsekukira kunja, ndipo ngati mawindo ali ndi zitsulo, limodzi lizitseguka. Ndowa za mchenga zikhale pakhomo lililonse.

Tchire limaphukanso mvula ikagwa. Vuto lili pati?

Udzu umaphuka, mkungudza ayi. Mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha, ndipo mbande zake moto ukadutsa zimafa. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala, chifukwa cha kudula mozemba ndi moto. Mbande zimene zakhala zikubzalidwa kuphiriko zimafuna zaka zambiri zopanda moto kuti zikule.

Palinso madzi. Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Lichenya zimachokera kuphiriko, ndipo mipopi ya midzi yambiri imadalira mitsinje imeneyi. Nthaka yopsa chaka ndi chaka imasiya kumwa madzi, mvula imangotsetsereka ndi dothi. Amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023 akudziwa mphamvu ya madzi otsika m'phiri. M'munda namo, mapesi ndi mitengo ya nandolo zikapsa, chonde chimene chikadabwerera m'nthaka chimapita ndi utsi.

Tikapeza munthu akuyatsa tchire, timugwire?

Ayi. Gulu si apolisi. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotere popanda chilolezo. Lembani malo ndi nthawi, uzani mlangizi wanu, iye akauze a mfumu, a zankhalango kapena apolisi. Otentha makala ndi ocheka matabwa amakhala ndi nkhwangwa ndi zikwanje. Dzina la wachinyamata amene waona lisatchulidwe pabwalo.

Pali malipiro? Nanga wachinyamata amapindula chiyani?

Ntchitoyi ndi yongodzipereka, ndipo nenani zimenezi tsiku loyamba kuti pasadzakhale madandaulo. Ngati wina akufuna kuthandiza gulu, apereke zida, nsapato kapena ndalama ya njira zolambulidwa. Asalipire potengera kuchuluka kwa moto wozimitsidwa, chifukwa pamenepo moto umasanduka ganyu ndipo sukhalanso wosowa.

Phindu lake ndi luso. Wachinyamata amaphunzira chithandizo choyamba, kulemba malipoti, kusunga kaundula wa zida, kutsogolera anzake, ndi kuyankhula mwaulemu koma mosaopa pamaso pa mafumu ndi makolo. Maudindo azisinthana chaka chilichonse kuti asamangokhala a ana a anthu odziwika. Alangizi azisunga mbiri ya zimene aliyense waphunzira, kuti polemba kalata yomuchitira umboni kwa olemba ntchito kapena kusukulu ya zaluso pakhale zenizeni zonena. Koma musalonjeze munthu ntchito. Amene ali pasukulu asajombe chifukwa cha gulu, ndipo a Sitandade 8, Folomu 2 ndi Folomu 4 apumitsidwe mayeso akayandikira.

Mvula ikayamba gulu limachita chiyani?

Apa ndi pamene magulu ambiri amafera: Disembala akafika misonkhano imati zii, ndipo pofika Meyi zida zabalalika m'makomo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho gulu libzale mbande zimene lidafesa mu nazale m'chilimwe, kuyambira pamalo amene adapsa. Maphunziro a moto wa m'nyumba ndi chithandizo choyamba amayenda bwino nyengo imeneyi. Zida zonse zibwerere pamalo amodzi, ziwerengedwe, makasu anoledwe ndi kupakidwa oyilo, sipuleya itsukidwe n'kuumitsidwa, mabauti a zomenyera amangidwenso. Mu Epulo yendani malire onse ndi mlangizi wa zankhalango, mulembe mamita a njira zofunika kulambula, ndipo mugawane masiku.